Thumba Lopepuka la Wiseman

Kwa a Lazaro, m'dera la Luembe, foni imagwira pachulu chimodzi chokha, chakuseri kwa khola la mbuzi, ndipo miyezi imeneyo Tadala anachikwera chulucho mpaka chinachita njira. Mayi ake, a Margarida, ankati mwana wawo wayamba kukonda mbuzi modabwitsa. Ankanena uku akupeta chimanga, osadzutsa mutu, chifukwa ankadziwa bwino kuti mbuzi yake ndi ya miyendo iwiri, imakhala ku Petauke, ndipo dzina lake ndi Wiseman Daka.

Wiseman anali ndi shedi yopangiramo zinthu za faibagalasi, matanki a madzi, mipando, mabafa ndi zina zotero. Anakumana ndi Tadala pamsika wa ku Nyimba, tsiku limene anagula mkoko wathunthu wa nthochi ali munthu wokhala yekha, pofuna kungopeza chifukwa choimirira nthawi yaitali. Chaka chinali chitatha, ndipo nkhani yawo inali itatsakamira pamalo amodzi. A Lazaro, bambo ake a Tadala, anali asanalole kuti akwawo kwa Wiseman abwere kudzafunsira. Kukana sanakane, kuvomera sanavomere. Ankangoti, "Tiona," ndipo "tiona" wa a Lazaro ankatha kutenga dzinja lonse.

Mkuluyu anali ndi dimba tsidya lina la Luangwa, ndipo ankawoloka pa bwato la mtengo lomwe linali lakale kuposa Tadala. Kulikoka pamchenga kunkafuna anthu atatu, ndipo pakhomopo anthu anali atatu omwewo, mmodzi wa iwo msana utayamba kumukana. Wiseman atamva zimenezi anapanga bwato la faibagalasi, nalipaka utoto wobiriwira, nalitumiza pa lole ngati mphatso. Msewu wa ku Luembe unalilandira monga mwa chizolowezi chake, moti linafika litakumbika m'mbali pamene linkakhuzana ndi chitsulo. A Lazaro analizungulira, naligogoda ndi chala, n'kupita kukamasula mbuzi. Kuyambira tsikulo linali chigonere pansi pa mtengo wa mango.

Madzulo ena foni ya Tadala inalira ali pachulu.

"Mailo nibwela kukonza bwato. Nizayamba natenga katundu pa basi ku Nyimba."

"Uvale malaya abwino, osati aja onunkha lezini," anayankha Tadala.

"Lezini ndiye pafyumu wanga."

"Ndiye atate azakupitikitsa na agalu."

"Kwanu kulibe agalu."

"Tizabweleka."

Anatsika pachulupo akumwetulira yekha, koma mtima uli m'mwamba. Ankamukonda mnyamatayo kwambiri, ndipo ankawadziwanso bambo ake.

* * *

Galimoto imene Wiseman anakwera inkapita kwina, choncho inamutsitsa pasukulu, ndipo kuchokera pamenepo mpaka kwa a Lazaro ndi ulendo wotulutsa thukuta. Oyamba kumuona anali amayi a pachitsime. Anaona mnyamata wowonda atasenza chithumba choyera, chachikulu ngati nkhokwe ya mtedza, akuyenda nacho chowongoka, uku akupereka moni kwa aliyense. Zidebe zinasiyidwa pomwepo. Pofika pabwalo la a Lazaro anali ndi gulu pambuyo.

Tadala yekha ndiye ankadziwa za m'thumbamo, chifukwa anazionapo ku shedi ku Petauke. Ukaziona umati ndi ufa woyera mbee, wosalala kuposa wa chinangwa, koma si ufa. Wiseman ankati ndi timipira, timipira ta pulasitiki tating'onoting'ono moti diso silingaone kamodzi pakokha, ndipo m'kati mwa kalikonse muli mpweya. Akatisakaniza ndi lezini, madzi aja okhuthala ngati uchi amene amauma gwa, pamatuluka phala lopepuka lomatira ndi kusalazira. Phala limeneli ndi limene analiika pakati pa nsalu za galasi popanga bwato lija. Tsiku lomwe anamuonetsalo, Wiseman anamuchenjeza kuti asapumire mu ndowa. Tadala anawerama kuti aonetsetse, mnyamatayo n'kunena chinachake choseketsa, iye n'kuphulika kuseka, ufa wonse bwii m'mwamba. Nsidze za Wiseman zinayera mpaka madzulo. Thumba lathunthu la timipira, likule bwanji, munthu akhoza kuthamanga nalo.

Koma a Lazaro anali munthu wokhulupirira kulemera. Khasu, dzungu, mbuzi, ngakhale Baibulo, ankayamba anyamula kaye m'manja, ndipo chikapepuka ankachibweza kwa mwini wake. Ataona thumbalo likulowa pabwalo, anaimirira pang'onopang'ono, maso ali pa mapewa a mlendoyo.

Wiseman analitula pambali pa nkhokwe, nagwada, naomba m'manja. Atatha malonje, a Lazaro anatsokomola pang'ono.

"A Daka, thumba ili mwachoka nalo kuti?"

"Pasukulu, atate."

"Osapumula?"

Wiseman anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma maso ake anayamba apita kwa Tadala, amene anali ataima pakhomo la khitchini. Ndipo apa tinene zoona, mtsikanayo ndiye anayambitsa. Kwa chaka chathunthu anali asanaonepo bambo ake akumuyang'ana Wiseman ndi nkhope yotere, ndipo zinamukomera. Anapukusa mutu pang'ono, n'kuphethira diso.

"Osapumula, atate," anatero Wiseman. Bodza panalibe, koma chilungamo chinalinso patali.

"Amake Tadala," anaitana a Lazaro, "tulutsani mpando wanga uja. Ndipo tambala wofiila uja wakhala nthawi yaitali pano."

A Margarida anatulutsa mpando, kenako anapita kuti akasunthe thumbalo lichoke padzuwa. Analigwira ndi manja awiri, nakokera mphamvu zonse, ndipo anatsala pang'ono kugwa chagada. Anayang'ana thumba, nayang'ana mwana wawo, nayang'ananso thumba. Kenako anagwira m'chiuno.

"Mayo, msana wanga," anabuula mokweza. "Ici n'ca amuna, cikhale pompa."

Polowa m'khitchini anamutsina Tadala pamkono, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

* * *

Tambala anali atapsa, anthu atasamba m'manja, pamene kanta ya Fabian Mwanza, galimoto yake yonyamulira katundu, inalowa pabwalo ikuliza hutala. Fabian ankagula nthochi m'midzi n'kukagulitsa ku Lusaka, ndipo ankamufuna Tadala kuyambira kale. Anakanidwa kawiri, koma makutu ake anali a mtundu wina. Ankabwerabe ndi shuga, n'kumawaitana a Lazaro kuti apongozi ngati zocheza.

Anatsika, napereka moni kwa akuluakulu, n'kuona Wiseman atakhala pampando wa mwini khomo, mwendo wa tambala uli m'manja. Nkhope yake inasintha pang'ono, kenako inawala.

"A Daka, mwafika bwino na katundu wanu wolemela?"

"Nafika bwino, a Mwanza."

"Mnyamata uyu ali ndi mphamvu," anathirira ndemanga a Lazaro. "Kucoka pasukulu osatula pansi. Inu mukanafuna galimoto."

"Zoona, atate. Ninawaona lelo kuseni pa Nyimba, thumba dzanja limodzi, foni dzanja lina. Nati awe, mphamvu zotele naine niyeseko."

Fabian anapita pankhokwe, napinda manja a malaya mwamatama, natsina thumbalo ndi zala ziwiri n'kulikweza m'mwamba. Analiponya, naliwakha, naliponyanso, amayi a pachitsime n'kuyamba kugwira pakamwa. Kachitatu analiponya mopitirira, thumbalo n'kukakodwa pa nsonga ya nsungwi ya nkhokwe, ndipo linang'ambika.

Utsi woyera unatuluka n'kumukuta Fabian yense.

"Tsekani mphuno, musapume pafupi," anatero Wiseman akuthamanga. Anavula malaya ake abwino aja n'kutseka nawo pong'ambikapo. Utsi utachepa, panaima Fabian woyera kuyambira tsitsi mpaka nsapato, akuyetsemula, pambali pake mbuzi yakuda itasanduka yotuwa. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi, ndipo Fabian anakwera kanta yake osatsanzika, shuga wake n'kubwerera naye.

A Lazaro okha ndiwo sanaseke. Anapita pa thumbalo, nalinyamula ndi dzanja limodzi, naliika pansi mosamala.

"Bwato lija muli zomwezi?"

"Inde, atate. Ni timipila, m'kati muli mpweya."

"Mphepo."

"Mphepo yotsekeledwa, atate."

"Ndakupatsani mpando wanga cifukwa ca mphepo. Tambala wafela mphepo. Tsopano mufuna ndiwoloke Luangwa, pali ng'ona ndi mvuu, nditakhala pa mphepo." Sanakweze mawu, ndipo zimenezo ndi zimene zinamuopsa Tadala. "Munthu wondilola kumutama pa cimene sanacite, pamaso pa mudzi, ndingam'patse bwanji mwana wanga? Matani bwato lanu, mailo mubwelele nalo."

Anatenga chikwanje n'kulowera kumunda, mbale yawo osaikhudza.

* * *

Wiseman anapala pokumbika paja pa bwato ndi sandipepala mpaka panayera. Tadala anamuimirira pambali atapinda manja, akudikira kuti ayambe ndi iye, koma mnyamatayo anangomupatsa kansalu kotseka mphuno ndi chitini.

"Gwila apa."

Anathira lezini m'chitinimo, nadonthezamo mankhwala oumitsira, nayamba kuthira timipira ndi supuni, pang'onopang'ono, akutakasa mofatsa kuti tisauluke.

"Ngati tikangana, tikangane mwamsanga," anatero. "Ici cikayamba kuuma sicilinda munthu."

"Sininakuuze kuti uname."

"Sininaname. Iwe unaniphethila diso."

"Ndiye nikakuphethila diso kuti ulumphe mu Luangwa uzalumpha?"

"Kaili nalumpha kale."

Tadala anafuna kukwiya koma zinakanika. Misozi ndi imene inabwera. Anali atawononga yekha chinthu chimene anachidikira chaka chonse, ndipo manyazi anamugwira.

"Ninafuna cabe akuyang'aneko bwino kamodzi," anatero motsitsa mawu. "Kamodzi cabe."

"Naine cinaniwamila," anavomera Wiseman. "Mpando uja ni wabwino maningi. Usalilile mu citini, cizakana kuuma."

Phala lija linali litalimba moti silinkagwa pa kamtengo. Analimata pabalapo, nalisalaza ndi kapulasitiki, nayalapo nsalu ya galasi, naipaka lezini. Manja ake anali odekha ngati palibe chachitika, koma Tadala anaona kuti wasalaza malo amodzi kangapo popanda chifukwa. Dzuwa lisanalowe, mnyamatayo anapita kukagona kwa mkulu wa mpingo, atavala malaya obwereka.

* * *

M'mawa a Lazaro anali pakhonde akunola khasu pamene bwato lobiriwira linadutsa pamaso pawo likuyenda ndi miyendo inayi. Kutsogolo kunali Tadala, kumbuyo a Margarida.

"Mupita nalo kuti?"

"Ku dimba, atate," mawu anatuluka pansi pa bwato. "Matimati afuna madzi."

"Apalasa ndani?"

"Ine. Dzulo lija ndine ninamuletsa kukamba, ndiye ngati ni mphepo, iyambe kumiza ine."

"Amake Tadala, nanunso muli m'zimenezi?"

"Ine ndangogwila kumbuyo, atate ake Tadala. Kumene lipita sindikuona."

Bwato linapitirira ulendo. A Lazaro anakhala kanthawi khasu lili m'manja, kenako anatukwanira pansi, natenga nkhafi yawo n'kulondola. Wiseman, amene anali atangofika kudzatenga katundu wake, analondolanso chapatali.

Pamtsinje mkuluyo anati palibe akwere iye asanaliyese. Analikokera pamadzi ofika m'chiuno, nalipendeka mpaka linadzaza madzi, n'kulisiya kuti limire. Bwato linangoti tsaa pamwamba, milomo yake ikuoneka. Analikankhira pansi ndi manja awiri, ilo n'kubwerera. Anatuma Tadala kuti abweretse miyala, naiponyamo, koma linangotsika pang'ono n'kuima.

"Mpweya uli mu timipila ulibe potulukila, atate," anatero Wiseman ali pamtunda.

"Sindinakufunseni, a Daka."

Anachotsa miyala, nakapa madzi ndi chikho, nakweramo okha. Atangovundula nkhafi kamodzi bwato linatsetsereka, mkuluyo n'kutsala pang'ono kugwa chagada, chifukwa anaika mphamvu zimene ankaika pa chimtengo chawo chija. Anadzikonza, napalasanso mofatsa. Tadala anagwira dzanja la mayi ake mpaka bambo ake anakagunda mchenga wa tsidya lina. Anawaona akutsika n'kulikoka bwatolo ndi dzanja limodzi, kenako n'kuima akuliyang'ana.

Atabwerako sanatsike.

"Ndaiwala cipewa ku dimba," anatero, n'kutembenuza bwato. Chipewacho chinali kumutu kwawo.

Ulendo wachiwiriwu anabwera akuimba nyimbo ya kutchalitchi, akukhota uku ndi uku pakati pa mtsinje ngati mwana wapatsidwa njinga. Atafika anatsika, nawongola msana popanda kubuula, nakonza nkhope kuti ioneke yaukali, koma inakana.

"A Daka."

"Atate." Wiseman anagwada pamchenga.

"Cina cikakhala copepuka, muzinena kuti n'copepuka. Mwamva?"

"Namva, atate. Munikhululukile."

"Akwanu auzeni abwele. Tambala wina alipo."

A Margarida analuluta nthungululu mpaka mbalame zinauluka m'bango. Tadala anabisa nkhope m'chitenje, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Sanasangalalepo chotero chibadwire.

* * *

Masana, Wiseman akusoka thumba lake pansi pa mango, a Lazaro anamuitana Tadala kuseri kwa nyumba, pamalo athyathyathya oyang'ana kumtsinje. Anali atasema kale zikhomo, nyundo ili pambali.

"Mwana wanga, mnyamata uja ndamulola ndi mtima wonse. Manja ake ndi abwino. Pano ndiye pomanga, madzi sakhazikika, ndipo khomo liyang'ane kwa amako."

"Pomanga cani, atate?"

"Nyumba yanu. Mkamwini amanga kwa mkazi, ndi m'mene tinacitila ife."

Nkhani imeneyi sinamubwererepo Tadala m'mutu, chifukwa anzake onse okwatiwa m'tauni anapita ndi amuna awo.

"Atate, nchito yake ili ku Petauke. Ifuna magetsi, ifuna msewu. Matanki azagulitsa kwa ndani kuno?"

A Lazaro anatola chikhomo chimodzi n'kumachitembenuza m'manja.

"Ine ndinacoka ku Mozambique ndili mnyamata, nkhondo ikutithamangitsa. Amayi anga ndinawasiya ndikuti ndibwela mwezi wamawa. Mpaka lelo sindidziwa pamene anagona. Kuno ndinabyala nthoci, ndinabala iwe, iwe wekha. Sindidzaonanso wanga akukwela galimoto ndi katundu, ine n'kutsala ndikuyang'ana fumbi. Cina ciliconse andipemphe, ndidzam'patsa, koma ici ayi." Anapukuta m'maso ndi chipewa, n'kumwetulira. "Umuuze pom'pelekeza, kuti akwawo abwele akudziwa."

Tadala anali asanawamvepo bambo ake akuwatchula agogo akewo.

* * *

Tadala anamuperekeza Wiseman njira ya kusukulu, thumba lili paphewa, ndipo ulendo uno mnyamatayo ankauza aliyense wokumana naye kuti n'lopepuka. Chimwemwe chinali chitamutsegula pakamwa.

"Nyumba napeza kale, pafupi na shedi, siuzayenda mtunda kunibweletsela cakudya."

"Nani wakuuza kuti nizakubweletsela?"

"Olo usabweletse, nizabwela nekha. Ili na magetsi, ili na pompi panja. Citseko nizapanga nekha, iwe usankhe cabe utoto. Amalume nizawatumila foni lelo, azavina. Tadala, uli bwino? Wangokhala zii."

"Nili bwino."

"Wasintha maganizo? Uza Fabian akasambe, mwina akali na mwayi."

Tadala anayesa kuseka. Anamuyang'ana mnyamatayo, fumbi loyera likadali m'tsitsi, ndipo anakumbukira mmene ankanenera za shedi yake, kuti anayamba ndi ndowa imodzi pansi pa mtengo mpaka kufika pokhala ndi denga ndi dzina pakhomo. Kumbuyo kwawo, kuchokera kwa a Lazaro, kunayamba kumveka nyundo, go, go, go, ndi mawu a mkulu akuimba.

Wiseman anaima, natchera khutu, akumwetulira.

"Atate akondwa lelo. Akhoma cani?"

Tadala anagwira ngodya ya thumbalo kuti asapitirire.

"Tula pansi, Wiseman," anatero. "Akhoma nyumba yako."